Bambo Akungoseka

Ndalama ziwiri zija zinagwa pansi n'kulira, zonse mitu m'mwamba.

"Akuseka," anatero amayi, osasiya kupinda duwa lawo la pepala lokongoletsera maliro.

Pei-shan anazitola mtima uli m'mwamba. Linali tsiku lachisanu chimwalirire bambo ake, a Hung Wan-te, ndipo pano pa chilumba cha Liuchiu wakufa timamufunsa ndithu. Mumayatsa lubani patsogolo pa chithunzi chake n'kuponya ndalama ziwiri zachitsulo. Ina ikagwa mutu ina nambala, wavomera. Zonse nambala, wakana. Zonse mitu, ndiye kuti akungokusekani.

Funso lake linali la vidiyo. Mwezi wathawu Pei-shan anajambula bambo akewo akulangiza alendo kuti asamagwire akamba a m'nyanja. Gulu la anthu operekeza alendo posambira linkafuna kuti vidiyoyo iyambe kuoneka m'zombo Loweruka, sukulu zikatsekera, ndipo yankho linkafunika lero lomwe. Vuto linali mchimwene wake Kun-lin, yemwe anabwera kuchokera ku mzinda wa Kaohsiung ndi malaya osita bwino komanso mawu amodzi okha: ayi.

"Waona? Sanavomere," anatero Kun-lin.

"Sanakanenso, achimwene."

"Iwe, munthu sitinamuike n'komwe. Ukufuna dziko lonse liwaone atavala vesiti yobooka, mano ali psu ndi mtedza wotafuna uja, akukalipira anthu? Atiseka chilumba chonse."

Kunena zoona, malemuwo sankalangiza, ankakalipa. M'vidiyomo akuloza kamera ndi nsapato ya pulasitiki: "Kamba si mkazi wako! Ngakhale mkazi wako umayamba wapempha! Manja kumbuyo!" Pei-shan ankaikonda vidiyoyo koopsa, chifukwa anali bambo ake enieni, osati a pachithunzi aja ovala tayi yobwereka. Ankadziwanso zomwe zimachitika alendo akadzaza gombe: wina kukwera kamba pamsana, wina kumukoka mwendo kuti ajambulitse.

"Ponyani nokha," anatero Pei-shan. "Mwina inu akuyankhani mwaulemu."

Kun-lin anagwada bwinobwino ngati ali pamaso pa abwana. "Ababa, ndine Kun-lin. Vidiyo ija tiisunge kaye, eti?"

Anaponya. Mitu iwiri.

Amayi anaphulika n'kuseka mpaka duwa linagwa. "Ana inu mundipha! Munthu asaseke bwanji? Pei-shan, tanditengera foni ya bambo ako pa firiji."

Anaiyatsa okha, magalasi ali pamphuno, n'kuwaonetsa. Malemu aja anali ataitumiza kale vidiyoyo, kutatsala masiku atatu kuti mtima wawo uime. Anatumizira gulu la kukachisi, asodzi anzawo akale, wometa tsitsi, mayi wogulitsa soseji padoko, ngakhale dokotala wa mano yemwe ankamuthawa zaka zonsezi.

"Ndinawauza kuti sinathe kukonzedwa!" anatero Pei-shan, akuseka misozi ili mbwembwembwe.

"Unawauza, ee. Anamverapo ndani chibadwire? Kumsika ankayenda ngati nduna. Anthu akangowaona, 'Manja kumbuyo!' Iwo mano onse pamtunda."

Pansi pa vidiyoyo panali uthenga, ndipo amayi anauwerenga motengera mawu a amuna awo: "Muonere kawiri. Koyamba muzingogoma ndi nkhope yangayi. Kachiwiri ndiye mumve za akamba."

Kun-lin sanaseke nawo. Anayang'ana mndandanda wa mayina uja nthawi yaitali.

"Mpaka wometa tsitsi," anatero chapansipansi. "Ine ayi."

"Iwe mwana, tapita pamwamba penipeni," anatero amayi. "Woyamba ndani?"

Linali dzina lake. Kun-lin anatulutsa foni yake m'thumba. Uthengawo unalimo, pansi pa mauthenga a kuntchito, wosatsegula. Wakewo unali ndi mzere wina umene ena sanalandire: "Uwaonetse anzako a ku ofesi, adziwe kuti bambo ako ndi munthu wa pa kanema."

Pei-shan anamumvera chisoni mchimwene wakeyo. Kun-lin anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kuseka pang'ono.

"Aimbire a gulu lija," anatero. "Vesitiyo usaidule m'vidiyomo."

Kenako anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi lubani, n'kukweza mawu a foni. Bambo ake anakalipa mphindi yathunthu m'nyumba ya maliro. Vidiyo itatha, Kun-lin anaiyambitsanso.