Sukulu ya mwezi wa Juni

Amuna anga a Aníbal anayamba kusenda makungwa otsekera mabotolo a vinyo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kuno ku Alentejo ntchitoyi ndi ya nyengo yotentha yokha, miyezi inayo timadalira kathandizo ka anthu osowa ntchito. Ndiye tangoganizani, kalata inabwera yowaitana kukaphunzira kafunidwe ka ntchito, mwezi wa Juni weniweniwo, nthawi yosenda ili pachimake. Chaka chake chinalinso chosenda mitengo ya kuphiri, imene imasendedwa kamodzi pa zaka zisanu ndi zinayi. Iwo anali ataisenda kasanu.

Ndinawaperekeza ku ofesi, poti iwowo pakamwa mpolemera.

"Mayi, ndalama za maphunzirowa nzochokera ku bungwe la mayiko a Ulaya," anatero mtsikana wa pa desiki. "Ziyenera kugwira ntchito Juni asanathe. Bambowa akajomba, thandizo liima."

"Mwana wanga, ntchito ilipo kale. Ikuwadikira kuphiri."

"Ya masabata asanu siwerengedwa."

Ndinapsa mtima mpaka ndinaiwala ambulera pampando.

Mlongo wanga Custódio, kapitawo wa osenda, anadzera kunyumba. "Alamu, mukalimbikire sukulu. Ntchitoyo mukaipeza mudzatiuzeko komwe imabisala." Anaseka, koma m'mawa mwake anatenga munthu wina. Sindimuda, khungwa likauma silisendeka.

Masabata anayi athunthu amuna anga ankavala malaya a ku tchalitchi kukaphunzira kupereka moni kwa bwana ndi kulemba mbiri yawo pa kompyuta. Zala zawo nzonenepa, akadina chilembo chimodzi zinkatuluka zitatu. Ndinkawafunsa kuti aphunzira chiyani, iwo nkumangoti, "Kumwetulira."

Tsiku lomaliza anawapatsa satifiketi ya nyenyezi zachikasu. Pobwerera anandipempha kuti tidzere kuphiri. Mitengo yonse inali yosendasenda, yofiira, iliyonse atailemba nambala ya chaka ndi penti yoyera. Pa mtengo waukulu wa pafupi ndi chitsime, wosenda watsopano uja anali atalowetsa nkhwangwa mpaka m'kati. A Aníbal anaphimba balalo ndi dzanja, satifiketi ili m'khwapa.

"Ndi mtengo uwu," ndinatero. "Upola."

"Upola, inde. Podzausendanso ine ndidzakhala ndi zaka makumi asanu ndi awiri, Graciete. Nkhwangwa yanga ija ukapatse mlongo wako."