Kufufuta Kawiri

Achimwene atagwa ndi sitiroko, abwana anandipatsa ine ntchito yawo. Tinkagwira pakampani imodzi yolemba mapulogalamu a masikelo a m'mafakitale, achimwene pawindo, ine pafupi ndi chitseko. Khodi, kalembedwe ka mapulogalamu, anandiphunzitsa ndi iwowo ndili pasukulu.

Pulogalamu imene anasiya inali ndi vuto. Inkayenda bwinobwino, kenaka n'kungofa. M'kati mwake munali sitirakiti, kabokosi kosunga manambala amene sikelo yayeza. Chilankhulo cha kompyuta chimene timalembera sichilera munthu. Ukafuna kope la kabokosiko umalemba wekha njira yokopera, ndipo ukathana nako umalembanso wekha njira yofufutira, kuti malo ake m'memore ya kompyuta abwezedwe. Ndinafufuza mpaka maso kuwawa, osapeza kanthu.

Loweruka ndinapita kukawaona. Alamu, akazi awo, anali atawakhazika pakhonde, dzanja lamanja lili lende pamwendo.

"Musawatopetse," anandinong'oneza alamu. "Mawu akuwavutabe."

Sindinafune kutchula za ntchito, koma achimwene anaona laputopu m'chikwama n'kuiloza ndi dzanja lamanzere. Ndinaitsegula. Anayang'ana khodiyo nthawi yaitali.

"Ka... kawiri," anatero.

"Mankhwala? Mwamwa kale, abambo," anayankha alamu.

Achimwene anapukusa mutu n'kugogoda sikirini ndi chala. "Kawiri."

Ndinayang'ana pamene panali chalacho. Pokopera kabokosi, khodi inkangotenga adiresi ya malo akale, osapatula malo atsopano. Kabokosi ndi kope lake zinkaloza malo amodzi, ndiye pofufuta, malowo ankabwezedwa kawiri, pulogalamu n'kufa.

"Ndaona, achimwene."

Ndinakonza pomwepo iwo akuonerera: kope likhale ndi malo akeake, chilichonse chizibweza zake zokha. Inali mizere yochepa chabe. Kale akanailemba kapu ili kumanja, uku akundiseka kuti ndimataipa ngati nkhuku yojompha pansi. Tsopano anayesa kufikira kiyibodi, chala n'kugwera pabatani lina. Anayesanso, chimodzimodzi. Anabweza dzanja n'kuyang'ana kumbali. Alamu analowa m'nyumba mwakachetechete, ndipo ndinamva mpopi ukutsegulidwa ngakhale munalibe chotsuka.

Lolemba pulogalamu inayenda tsiku lonse osafa. Abwana anandiyamikira, kenaka anatsitsa mawu.

"Adokotala akuti achimwene anu sangabwererenso kuntchito. Munthu watsopano ayamba mawa. Mungawalongedzere katundu wawo?"

Ndinaika m'katoni kapu, magalasi owerengera ndi juzi imene inkakhala pampando wawo. Nditaweruka ndinawapititsira. Achimwene anaiyang'ana katoniyo osaitsegula.

"Ya... yenda?" anafunsa.

"Yayenda, achimwene. Tsiku lonse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Alamu ananyamula katoniyo kukaiika pamwamba pa wadiropu, n'kubwerera ndi beseni la madzi ofunda. Ndinapinda malaya, ndinagwira dzanja lolefukalo, ndipo tinayamba kuwathowa.