Msana wa a Thovu pa Chikwangwani

Msana wa bambo ake Telala unakwera pachikwangwani Lolemba m'mawa. Pofika masana, aliyense wodikira basi pasiteji yaikulu anali atauloweza.

Bambowo anthu ankangowatchula kuti a Thovu, chifukwa anakalambira ku fakitale ya sopo. Pachithunzipo anali atayang'ana khoma, thaulo litatsetsereka mpaka poyambira matako. Msana wonse unali mphere zokhazokha, zina zouma, zina zikuchucha madzi achikasu, ndipo osindikiza anazikulitsa mpaka chilonda chilichonse chinafanana ndi mbale. Nkhope inali itacheuka, kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene wadzidzimutsidwa m'bafa. Ndipo ndi mmenedi zinachitikira. Pambali panaima mtsikana wa mapiko a mngelo ndi diresi losafika m'maondo, atanyamula sopo. Pamwamba panali malemba ofiira: TSIKU LOMALIZA LISAKUPEZENI MUKUKANDA.

Mwini chikwangwanicho anali mlamu wake wa Telala, mwamuna wa mng'ono wake. Chaka chatha ankagulitsa nsapato pamsika. Chaka chino anali Mneneri, ndipo anali atauzidwa kuti dziko litha mvula isanagwe. Sopoyo anayamba ndi a Thovu, amene anamuphika m'beseni kuseri kwa nyumba pofuna kudzichiritsa, nachiradi. Mkamwini anajambula msana usanapole, anafunsa zosakaniza "pongofuna kudziwa", kenako anathamangira ku boma kukatenga patenti, chikalata chonena kuti nzeruyo ndi yake, wina asayerekeze kukopera kwa zaka makumi awiri.

Za sopo a Thovu sanadandaule. "Msiyeni adye," anatero. Chinawalasa ndi chithunzi. Anasiya kupita kogula nyuzipepala, anasiya ngakhale kukhala pakhonde. Shati ankaimanga mabatani mpaka pakhosi, kutentha konseko.

"Mwanawe, kandichotse pamsewu paja," anauza Telala. "Msana umenewu anauona ndi amayi ako okha, ndipo nawonso ankayamba azimitsa nyali."

Telala anatseka shopu yake yosokera zovala, nakadandaula ku Komiti ya Ulemu pa Zamalonda.

Komitiyo inkakumana m'kachipinda kakumapeto kwa ofesi za khonsolo, khoma limodzi ndi chimbudzi chimene madzi anasiya kufikako. Fungo linkalowa osagogoda. Patebulo panali nsalu imene kale inali yoyera, ndi makapu a tiyi wadzulo, ntchentche zikusinthana mashifiti pamilomo yake. Wapampando, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, anavala tayi ndi jekete, ndipo ankatokosa khutu ndi kiyi. Zimene kiyiyo ankatulutsa ankaziyang'ana kaye, kenako n'kupukutira pansalu ya patebulo. Pambali pawo panakhala mayi wachikulire wa magalasi okhuthala, amene ankatchedwa a Maso, chifukwa ntchito yawo mu komiti inali kuyang'ana.

Mneneri analowa mochedwa, suti yoyera mbuu, mafuta onunkhira akumutsogolera. Mafutawo ndi chimbudzi zinalimbana pang'ono, kenako zinagwirizana. 

"Mtendere, alamu," anatero Mneneri.

"Mtendere wake uti? Apongozi anu ali mbulanda pamsewu."

"Muno simulankhulana nokha," anatero Wapampando. "Chilichonse chizidzera kwa ine. Mayi, dandaulani."

Telala anadandaula. Ananena kuti bambo ake sanavomere kujambulidwa, ndiponso kuti ngakhale sopoyo ndi nzeru yawo.

"Nzeru si ya munthu, bwana," anatero Mneneri, atatambasula manja. "Imachokera kumwamba. Iyi inkabwera kwa ine, kungoti inatera khomo lolakwika. Ndangoibwezera kwa mwini wake. Boma linadinda."

"Bwana, mundifunsireko alamu angawa," anatero Telala. "Dziko likutha mvula isanagwe. Nanga zaka makumi awiri za patentizo akazidyera kuti?"

"Mbava sizidikira lipenga, alamu."

Wapampando anagwedeza mutu mokhutira. Anati nkhani ya patenti si ya komiti ino, kenako anailankhula kwa nthawi yaitali. Iwonso, anatero, ali mphunzitsi anatulukira njira yosungira choko kuti chisathyoke, anzawo anaikopera, ndipo mpaka lero palibe anabwera kudzathokoza. Dziko lino limadya anthu anzeru. A Maso anapezerapo mpata, nasendera kwa Mneneri.

"Abusa, ndafolera nyumba mbali imodzi. Ndimalize kapena ndisiye?"

"Malizani, mayi, koma musagule malata odula."

Kenako komiti inayamba ntchito imene inkanyadira. Wapampando anayala patebulo chithunzi chaching'ono cha chikwangwanicho, natsegula chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munali timapepala takuda todula mosiyanasiyana. Njira yake inali iyi: a Maso amayang'ana chithunzi, paliponse pamene akuwa, Wapampando amaikapo kapepala. A Maso akasiya kukuwa, ndiye kuti chikwangwani chalowa ulemu, ndipo wopenta amakapaka penti wakuda molingana ndi timapepalato.

A Maso anapukuta magalasi, naweramira chithunzi.

"Aaa!"

Anali maondo a mngelo. Wapampando ananyambita chala, natola kapepala, naika. Anakasendeza m'mwamba, anakabweza pansi, anakachotsa kuti aonetsetse chimene akubisa, nakaikanso. Chala chonyowacho chinachedwa pantchafu za mtsikanayo mpaka Telala anayang'ana kuwindo.

"Aaa!" anakuwanso a Maso, akuloza pamene thaulo linatsetserekera.

Wapampando anasankha kapepala kakakulu, naphimba a Thovu kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Apa sanachedwepo.

A Maso anayendetsa maso pamphere zonse zija, pang'onopang'ono, ngati akusankha tomato. Anafika pankhope. Anakhala tsonga.

"Tsopano ndingathe kuyang'ana."

"Nanga zilondazo?" anafunsa Telala.

"Chilonda si chiwerewere, mayi," anatero Wapampando.

"Nanga nkhope? Ndi nkhope imene ikuwazindikiritsa."

"Nkhope ndi ya Mulungu, mwanawe," anatero a Maso. "Sitiibisa."

Telala anapisa dzanja m'chitini, natenga kapepala, naphimba nkhope ya bambo ake.  Wapampando anakakankha kapepalako ndi nsonga ya kiyi uja, ndipo kiyiyo anasiya kamzere kachikasu patsaya la a Thovu.

"Mayi, mvetsani. Komiti ino siichotsa zikwangwani. Imaziveka. Mwapambana mlandu, bambo anu tawaveka. Ena amatuluka muno opanda kanthu."

Mneneri anavomereza chigamulo modzichepetsa kwambiri. Anati penti agula yekha, popeza ndi za m'banja.

Kunyumba, Telala anangoti, "Akonza." Sananame, koma sanamalize. Patapita masiku angapo a Thovu anamva kuti wopenta wakwera makwerero, ndipo anasita shati, navala chipewa.

"Tiye ndikadzionere."

"Bambo, dikirani penti aume."

"Ndauma ndine m'nyumba muno. Tiye."

Pasiteji panali anthu ambiri kuposa masiku onse, ndipo ambiri sankadikira basi. Wopenta anali pamwamba, akumaliza. Mngelo anali atalandira siketi yakuda yofika m'mapazi, moti ankaoneka ngati akupita kumaliro. A Thovu anali ndi chibanga chakuda bii, kuyambira m'chiuno kutsika, chachikulu ngati chitseko. Pamwamba pake mphere zinali momwemo, ndipo nkhope inkacheukabe, kukamwa yasa.

"Ngati zapamsanazo azisiya poyera," ankatero mayi wina wogulitsa zipatso, "ndiye zapansizo n'zotani?"

"Zinawola," anayankha bambo wa njinga. "Boma silibisa chinthu chabwino."

"Akuti ndi matenda a masiku otsiriza. Amayambira komweko."

Woitanira basi ndiye anayamba kuwaona a Thovu. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi, nafuula.

"Eee, si awa? Madala! Tiuzeni, kuseri kwa pentiyo kuli chiyani?"

Anthu anatembenuka. Amene anali pafupi anasuntha. Mayi wa zipatso anakokera beseni lake kumapazi, naliphimba ndi nsalu.

Telala anathamangira pamakwerero, nawagwedeza.

"Achimwene, penti watsala m'chitinimo. Tadutsitsani burashi pankhopepo kamodzi kokha."

Wopenta anayang'ana pansi, ndudu ili pakamwa.

"Achemwali, ine anandipatsa pamanyazi pokha. Nkhope si gawo langa. Ndikapaka, mawa andituma kudzapala."

Pamene Telala ankatembenuka, anapeza bambo ake ataima pakati pa bwalo limene anthu anawasiyira. Chipewa anali atachiika pansi mosamala. Manja awo anali palamba.

"Kulibe kanthu," ankatero. "Kumeneko sizinafikeko. Bwerani muone nokha."

Mafoni anatuluka m'matumba onse nthawi imodzi. Lamba anali atamasuka kale pamene Telala anawagwira dzanja.

"Bambo, ayi."

"Ndisiye, mwanawe. Akuganiza kuti ndinawola."

"Asiyeni aganize."

Anawamangira lamba yekha, pamaso pa anthu, monga mmene amachitira ndi ana obwera kudzayesa yunifolomu. Anatola chipewa, nachitsitsa mpaka m'maso mwawo. Anthu anang'ung'udza ngati kanema wazima pakati. Awiriwo anadutsa njira yakuseri, ya m'mbali mwa ngalande, ndipo atafika kunyumba a Thovu analowa kuchipinda, natseka chitseko, napempha kuti chakudya azingowaikira pakhomo.