Zenera la Kuchipinda

Mayi anali kusita malaya a amuna awo pamene mwana wawo wamkazi analowa osagogoda.

"Zotsatira za kabokosi kaja zatuluka, amayi."

Kabokosi koyezera mpweyako anakasiya a zaumoyo kuchipinda chogona, dokotala atadabwa kuti bambo, munthu wosasuta fodya, adwala bwanji khansa ya m'mapapo.

"Akuti m'nyumba muno muli mpweya woipa wotchedwa radoni. Sununkha, suoneka. Ukutuluka m'njerwa zija abambo anaumba ndi mchenga wotayidwa kumgodi. Akuti timate ming'alu, makoma tipake penti, koma chachikulu mphepo izidutsa." Mwanayo anapitiriza: "Anafunsanso kuti mabowo a mpweya anatseka ndani. Sindinayankhe."

Mayi anaimika simbi. Anatseka ndi iwo, chifuwa cha bambo chitangoyamba. Anatsinira zigamba m'bowo lililonse kuti mphepo isawapeze amuna awo, ndipo zenera ankalitseka dzuwa likadali m'mwamba, kwinaku akupemphera.

"Mukunong'onezana chiyani uko?" anafunsa bambo ali pabedi. "Mwayamba kale kugawana nsapato zanga?"

Mayi analowa kuchipindako, nakwera pampando, nayamba kusolola zigamba zija. Fumbi linawagwera kumaso koma sanalipukute. Kenako anatsegula zenera lonse.

"Mayi ake, zaka zonsezi mwandisunga ngati dzira. Lero mwatopa nane?"

Mwana anafotokoza zonse. Bambo anayang'ana khoma nthawi yaitali, khoma lowongoka lomwe ankanyadira pamaso pa alendo.

"Mchengawo unali waulere," anatero. "Chikomekome cha mkuyu." Anaseka, koma kusekako kunasanduka kutsokomola, mpaka mayi anawagwira pamsana ndi kuwamwetsa madzi. Atapuma anati, "Komabe tsekani. Ine zanga zatha kale. Mundilole ndipite ndili wofunda."

Mphepo inkakupiza katani. Kuseri kwa khoma lomwelo kunkagona adzukulu awiri, ndipo nawonso ankapuma mpweya womwewo.

Mayi anatenga bulangete lawo lomwe, nawafunditsa pamwamba pa linalo. Anawaveka masokosi, nafumbata mapazi ozizirawo m'manja mwawo. Bambo ankanjenjemerabe, maso ali pazenera.

"Chonde, mayi ake."

Mayi anagwada pambali pa bedi. Milomo inagwedezeka kaye ngati akupemphera, kenako mawu anatuluka, omveka mpaka kwa mwana amene anaima pakhomo.

"Sinditseka, bambo ake. Mundikhululukire."