Shedi ya a Sidiki

Ine Regina ndakulira pamsewu pa Nsipe, kugulitsa mbatatesi dzuwa lili pamutu. Kumbuyo kwa malo anga kuli golosale ya a Sidiki. Tili ana, mwana wawo Nazira sankatuluka m'menemo. Ankakhala kuseri kwa kauntala, khungu lili see, ine ndikupsa ngati chimanga chootcha. Ndinkamuda, ndinene zoona. Nsanje basi.

Chaka chatha Nazira anabwerako ku Blantyre akukoka mwendo, dzanja likunjenjemera. Tsiku lina anandiitana m'golosale muja.

"Regina, ndili ndi matenda a mitsempha, madokotala amati MS. Sachizika, amangowanyengerera. Adokotala anandifunsa ngati ndinkasewera padzuwa ndili mwana. Akuti sizotsimikizika kwenikweni, koma ana okulira padzuwa sawagwira kawirikawiri."

Analoza mwana wake Najma, wa zaka zisanu.

"Uzinditengera uyu m'mawa uliwonse, azikhala nawe panjapo dzuwa lisanakule. Ine sindingathe, ndikatenthedwa miyendo imafooka. Koma bambo usawauze chifukwa chake. Ndi iwo ankandisunga muno, angadziimbe mlandu."

Ha! Dzuwa lomwe ndalitukwana moyo wanga wonse, lero lasanduka lofunika? Ndinafuna kuseka, koma nkhope yake inandiletsa. Ndinavomera.

Najma anayamba kubwera. Kamwana kolongolola inu! Kankasanja mbatatesi m'ndowa, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, mpaka ndinakaphunzitsa kuti zazikuluzo ndi zimene zimaimitsa galimoto. Ikakwana teni koloko ndinkakabweza kwa mayi ake.

Lachinayi lina ndinapita kukapikula ku Tsangano. M'mawa mwake ndinapeza pamalo panga pali shedi, malata atsopano waliwali, nsanamira za bulugama. A Sidiki anali ataima pambali, hamala ili m'manja, akumwetulira.

"Mdzukulu wanga asamapse," anatero. "Nawenso, mwanangu, wapsa mokwanira."

Mayo ine! Zaka makumi awiri ndakhala ndikulota shedi. Mvula imandinyowetsa, dzuwa limandibiriwitsira mbatatesi. Ndinalowamo n'kukhala pansi. Kuzizirira kwake! Najma anadzakhala pambali panga, mumthunzi, n'kuyamba kusanja.

Nditadzutsa mutu ndinaona Nazira pakhomo la golosale, atagwira chitseko kuti asagwe. Anangoyang'ana mwana wake, kenako ine.

Mtima unandiwawa, sindinama. Koma ndinadzuka.

"Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni," ndinatero. Ndiye ndinanyamula ndowa zanga imodziimodzi, n'kukaziika kutsogolo kwa shedi, pamtetete. Najma ananditsatira.

"Iwe Regina, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa a Sidiki.

"Katundu akakhala mumthunzi makasitomala samuona, bambo."

Bodza la mkunkhuniza. A Sidiki anapukusa mutu, akuti akazi a pamsewu sathokoza.

Ndinakatenga mpando m'golosale n'kuuika m'shedi muja. Kenako ndinamugwira Nazira mkono, pang'onopang'ono, mpaka anakhala. Aka kanali koyamba kuti ine ndi iye tikhale limodzi pamsewu, chibadwire.

Najma anacheuka, mbatatesi ili m'manja, thukuta lili pamphuno.

"Amayi, bwerani kuno, kukufunda!"

"Ndikukuona, mwanangu," anatero Nazira. "Iwe khala pomwepo."