A Mapu Alondera Zikwama

Dzina loti a Mapu anawapatsa ndi ana a sukulu, ndipo eni ake sankadana nalo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anaima kutsogolo kwa kalasi ndi kandodo kolozera, kuphunzitsa za mayiko, mitsinje ndi mizinda. Mwana akaika mzinda kutsidya lolakwika la mtsinje ankamuimiritsa pa benchi mpaka belu lilire. Akazi awo, amene analekeza sukulu ali m'kalasi lachinayi n'kuyamba kusoka zovala, a Mapu ankawanena pamaso pa alendo kuti awa sadziwa kumanja ndi kumanzere. Alendo ankaseka, mayiwo n'kusekako pang'ono uku akutolera makapu.

A Mapu atapuma pa ntchito, mwana wawo wamkazi, namwino wokhala kumapeto ena a kontinenti, anawatumizira matikiti awiri a sitima. Za ndege pa ulendo wopita mwanayo anakaniratu. Anati bambo ake aphunzitsa mizinda imeneyi moyo wawo wonse osaipondako, ndiye abwere pang'onopang'ono pa njanji. Sitima iziwatsitsa m'mawa mu mzinda waukulu, ayende tsiku lonse, madzulo akwere ina, mpaka mizinda isanu ithe, iye adzawalandire mu wachisanu ndi chimodzi. Anapempha chinthu chimodzi chokha, zithunzi, kuti adzaonere limodzi akafika.

Mu mzinda woyamba a Mapu anatuluka pa siteshoni ngati mwini malo. M'manja anali ndi mapu omwe anang'amba m'buku lawo lophunzitsira, buku lakale kuposa mwana wawoyo. Anauza akazi awo kuti azingotsatira, asamayang'ane uku ndi uku ngati mlendo. Koma pamene pepala linkaonetsa msewu wowongoka wopita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, panali chinyumba cha magalasi okhaokha. Anakhota. Anakhotanso. Sitolo ya mankhwala ya chitseko chobiriwira anaidutsa katatu, ndipo kachitatuko wogulitsa anachita kuwabayibitsa.

Mayi ananena chapansipansi kuti mwina afunse munthu. A Mapu anayankha kuti munthu amene waphunzitsa mzinda uno zaka zonsezi sangakafunse njira kwa wongodutsa. Anayenda choncho mpaka dzuwa kupendeka, katundu ali m'manja, mapazi a mayi atatupa moti anavula nsapato. Za nyumba ya zinthu zakale zinali zitaiwalika, tsopano ankangofuna siteshoni, ndipo nthawi ya sitima inali itayandikira. Pamenepo mayi anaika chikwama pansi, n'kupita kwa mzimayi wina amene ankasesa mumsewu. Chiyankhulo sankamvana. Anangomuonetsa tikiti, n'kupukusa mikono ngati mawilo a sitima. Wosesayo anaseka, anatsamiritsa tsache pakhoma, n'kuwagwira dzanja. Anangokhota kamodzi basi. Siteshoni inali kuseri kwa chinyumba cha magalasi chija.

Posiyana, wosesayo anawasisita a Mapu paphewa monga amachitira ndi mwana amene wasiya kulira. Chimenecho n'chimene chinawapweteka kuposa zonse.

Mu mzinda wachiwiri bondo linayamba kupweteka. Anatero a Mapu. Anawonjezera kuti m'masiteshoni akuluakulu muli akuba oopsa, pafunika munthu wolondera zikwama. Mayi analoza makabati okhoma osungiramo katundu omwe anali pamzere kutsogolo kwawo, koma a Mapu anati akuba amayambira m'menemo. Mayi anakhala nawo pa benchi ola lathunthu, kenaka anati akapitidweko mphepo pakhomo. Anabwera patatha maola anayi, nkhope ikuwala, fungo la kunja lili m'zovala.

Nzeru yawo inali yophweka mochititsa manyazi. Potuluka ankajambula khomo la siteshoni pa foni. Mayina a misewu analibe nawo ntchito, ankasunga masitolo ndi diso la telala: apa pali diresi lachikasu losokedwa mopotoka, apo makatani aatali kuposa zenera. Akafuna kubwerera ankaonetsa chithunzi chija kwa aliyense, anthu n'kuwalozera. Akafika pamalo pokongola ankapatsira foni munthu wodutsa kuti awajambule. A Mapu anamva zonsezi maso ali pa wotchi yaikulu ya pakhoma, n'kungoti anthu ena ali ndi mwayi foni sinabedwe.

Choncho mayi ankaona mizinda, bambo ankaona masiteshoni. Ndipo anawadziwa bwino, tisawanamizire. Ankadziwa benchi yomwe siwomba mphepo, nthawi imene amakolopa pansi, nkhunda ya mwendo umodzi ya mu mzinda wachitatu. Kumeneko wapolisi anabwera kawiri kudzaona tikiti yawo, powayesa munthu wosowa pokhala. Munthu wa tayi, mphunzitsi wamkulu wopuma!

Mu mzinda wachinayi a Mapu anayesa kutuluka. Mayi atachoka, anakoka zikwama zonse mpaka pakhomo lalikulu. Kunja kunali misewu isanu yochokera pamalo amodzi, mabasi, njinga, anthu othamanga ngati kwinako kwagwa moto, zikwangwani za zilembo zosawerengeka. Anaima pamenepo mpaka munthu wina anawapempha kuti apatuke, ndipo anabwerera ku benchi yawo, yomwe inali isanazizire n'komwe. Si bondo, ankadziwa. Anali mantha osochera kachiwiri akazi awo akuona, ndi manyazi oti atsogoleredwe ndi munthu amene anamuseka zaka zonsezi.

Madzulo aliwonse m'sitima mayi ankatulutsa foni kuti awaonetse zomwe aona. A Mapu ankatsinzina dala, mutu atatsamiritsa pa zenera. Mayi ankangoibweza m'chikwama, n'kuwafunditsa jekete pa bondo lomwe silinkapweteka lija.

Mwana wawo anawalandira akulira ndi chimwemwe. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo kama wake anawasiyira makolo, iye n'kuyala pa sofa. Asanamasule n'komwe katundu analumikiza foni ya mayi ake ku wailesi ya kanema kuti zithunzi zioneke zazikulu. Mayi pa bwalo la akasupe. Mayi pa msika wa nsalu, atakoleka nsalu zitatu paphewa. Mayi pamwamba pa nsanja, duku litauluka. Zinadutsa zambiri, kenaka mwanayo anaimitsa.

"Nanga bambo ali kuti? Sindikuwaonatu."

Mayi sanachedwe, sanayang'anenso kwa amuna awo.

"Bambo ako ndiwo ankajambula."

Mwanayo anaomba m'manja. Anati sankadziwa kuti bambo ake ali ndi luso lotere, onani mmene aikira mayi pakatikati, onani kuwala kwake. Anawagwira bondo n'kuwauza kuti akanakhala wojambula akanatchuka. Mawu aliwonse ankawalowa a Mapu ngati singano. Bodza lawo lomwe ankalikonza m'sitima likanakhala lopepukirapo. Ili linali la mayi, loperekedwa mwaulere, ndipo linkalemera.

Chithunzi chotsatira chinali cha mlatho wa mu mzinda wachitatu. Mwanayo anachita kuimirira. Unali mlatho umene bambo ake ankaujambula pa bolodi chaka chilichonse, ndipo iye yemwe, ali m'kalasi mwawo, anaimapo pa benchi chifukwa choiwala dzina la mtsinje wake. Anaulula kuti njira yonseyi anaisankha chifukwa cha mlathowu. Akanatha kuwadutsitsa kwina kwachidule, koma ankafuna bambo ake auponde ndi mapazi awo.

"Ndiuzeni bambo, munamva bwanji mutaima pamenepo?"

Pakamwa panatseguka pokha, monga m'kalasi. Anayamba kunena chaka chimene unamangidwa, kutalika kwake, mtundu wa miyala. Mawu ankatuluka bwinobwino, ouma ngati choko. Mwanayo ankadikirabe, akumwetulira, chifukwa si zimene anafunsa. Mayi anali atawerama, akuchotsa kaulusi pa siketi. A Mapu analekeza pakati pa chiganizo.

"Sindinafikeko, mwanawe," anatero. "Ngakhale mzinda umodzi. Woyamba ndinasochera, ndinasocheretsanso mayi akowa. Inayi inayo ndinali pa benchi, kulondera zikwama. Ankawajambula ndi anthu odutsa."

Kumwetulira kwa mwanayo kunachoka pang'onopang'ono, ndipo a Mapu anakuona kukuchoka. Sanakalipe, zikanakhala bwino akanakalipa. Anangokhala pansi n'kufunsa ngati bondo ndilo linavuta. A Mapu anapukusa mutu.

"Koma palibe chikwama chinasowa," anatero mayi, pofuna kuthandiza.

Palibe anaseka. Mwanayo anapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo anatenga nthawi yaitali kuposa imene madzi amafuna kuti awire. Matikiti obwerera anali pa tebulo, pansi pa mbale ya makiyi. Anali a ndege, yopita kwawo osaima paliponse. A Mapu anawayang'ana, n'kuyang'ana mlatho umene unali ukadali pa kanema, akazi awo ataima pakati pake atanyamula nsapato m'manja.

Anakhosomola. Funso lotere anali asanawafunsepo akazi awo chikwatiranireni.

"Inu amayi, mlathowo ndi wotani munthu ukaimapo?"

Mayi anawayang'ana kanthawi, kuti aone ngati si chipongwe. Kenaka anakoka mpando kuyandikira kanema, n'kuloza ndi chala.

"Umanjenjemera," anatero. "Basi ikamadutsa umaumva m'mapazi. N'chifukwa chake ndinavula nsapato. Ndinkafuna ndikuuzeni tsiku lomwelo, koma munali mutagona."