Tupa la Bambo a Katerina

Amuna anga a Bizeki sanaonepo zinthu ziwiri zikukanana n'kuzisiya choncho. Chitseko chikakana kulowa m'felemu, amapala chitsekocho kapena felemuyo, chilichonse chimene chili pafupi ndi dzanja. Gudumu la ngolo likathina, amatenga tupa n'kulinyengerera mpaka litalowa. Pa Golomoti pano palibe amene sadziwa shedi yawo yowotcherera zitsulo, ndipo anthu amati a Bizeki akagwira chinthu chimamvera. Ine ndakhala nawo nthawi yaitali, ndiye ndimadziwanso kuti iwowo ndi amene samva.

Ana athu aamuna awiri anapita ku Joni kalekale. Amatiimbira foni, inde, koma foni sikutungira madzi ukadwala. Amene anatsala ndi Katerina, mwana wathu womaliza, yemwe anakaphunzira zowotcherera ku koleji n'kubwerera kudzagwira ntchito ndi bambo ake. Ntchito yake inali ya apo ndi apo: lero mbaula, mawa geti, kenako sabata yonse kungokhala n'kumawerenga maminibasi odutsa mumsewu. Alongo ake atamva, anamupezera malo pa fakitale ina komweko. Pasipoti inatuluka, chikwama chinagulidwa, ine tulo tinandithawa.

Ndiye kunabwera nkhani yakuti asilikali akufuna amisiri a m'dera lino oti aziwapangira tizitsulo tina m'malo mokagula kunja. Katerina anapita kukamva. Anabwerako atanyamula zinthu ziwiri m'kathumba. China chinali pini yachitsulo yotalika ngati chala, yolumikizira mapolo a matenti akuluakulu a asilikali. China chinali kachitsulo kafulati kokhala ndi mabowo awiri, amakatcha geji.

"Ababa, lamulo lake ndi limodzi," anatero akuwaonetsa. "Pini iliyonse ilowe m'bowo lalikululi, koma ikane laling'onoli. Tipange bokosi limodzi loyesera. Akadzaliyeza n'kukhutira, basi ndife ovomerezeka, azititumizira ntchito chaka ndi chaka."

Bambo ake anatembenuza kachitsuloko uku ndi uku, n'kuseka. "Ntchito yake yomweyi? Ine ndinkayesa akufuna ndiwapangire mfuti."

Atatuluka, Katerina anandipeza ndikusankha mpunga. Anakhala pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, izi zikatheka sindipita. Ndikafunenji kwa eni ake ntchito ili pakhomo?" Tsiku lomwelo chikwama chija ndinachikankhira kunsi kwa bedi, kutali ndithu kukhoma.

Anayamba ntchito awiriwo, ndipo shedi inakoma. Katerina ankadula ndi kusalaza, bambo ake ankapinda mitu ya mapini ndi kuboola. Geji anaikhomera msomali wakewake pa nsanamira, ndipo pini iliyonse ikatha ankaipititsa pamenepo, ikalowa apa n'kukana apo ndiye aiponye m'bokosi. Bokosi litafika pakati, zinthu ziwiri zinachitikira pamodzi. Zitsulo zimene Katerina anasankha yekha zinatha, ndiponso iye anayenera kupita ku Lilongwe kukalembetsa shediyo kuti ikhale bizinesi yodziwika ndi boma, chifukwa asilikali sagula kwa munthu wopanda mapepala. Kumaofesi mukudziwa mmene kumakhalira, bwerani mawa, bwerani mawa, mpaka anakhalitsako.

A Bizeki sanafune kuti mwana adzapeze ntchito itaima. Anakwera minibasi kupita ku Salima, n'kubwerako ndi zitsulo zina zimene m'maso zinali chimodzimodzi. Anadula zonse, kupinda, kuboola. Pofika poyesa, mapini aja anakana kulowa m'bowo lalikulu. Ankangotsala pang'onong'ono, ngati mphete pa chala chotupa. Akanawapala ndi gilayindala, koma masiku amenewo magetsi ankangobwera kudzatipatsa moni n'kubwerera. Anakhala tsiku lonse akung'ung'udza, chakudya osachiyang'ana. M'mawa mwake ndinamva akuimba likhweru m'shedi, mapini akugwera m'bokosi motsatizana. Ndinangoti Mulungu wawathandiza.

Katerina atabwera sanakhale n'komwe pansi. Anathamangira ku shedi, n'kuyesa mapini onse payekha, imodziimodzi. Onse analowa pofunika kulowa, onse anakana pofunika kukana. Anawakumbatira bambo ake ndi ovolosi yamafuta yomweyo, chinthu chimene sanachitepo chikulire. Iwo ankangomwetulira ngati munthu amene wabisa switi m'thumba.

Tsiku loyeza, galimoto yobiriwira inaima pamaso pa shedi dzuwa lili pamutu. Anthu a pamsika anasiya malonda awo n'kudzaunjikana, a kabaza nawonso anaimika njinga. Amene anatsika anali mayi wamfupi wovala yunifolomu, anadzitchula kuti Sajeni Kaliati. Anatipatsa moni mwaulemu, anakana mpando, n'kutulutsa geji yakeyake m'kabokosi kokhala ndi nsalu m'kati.

Anatapa mapini apansi pa bokosi, aja anapanga Katerina asanachoke. Analowa bwinobwino. Anatapa apamwamba. Yoyamba inakana. Yachiwiri inakana. Anatenga ina pakona, ina pakati, zonse zinakana. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikusintha.

"Sizingatheke, a Sajeni," anatero Katerina. "Ndayesa ndekha onsewa."

"Tandipatseni geji imene tinakubwerekani," anayankha mayi uja.

Katerina anaichotsa pa msomali. Mapini omwe aja, okana aja, analowa mosavuta. Sajeni anasanjikiza mageji awiriwo, n'kuwakweza kumwamba kuti kuwala kudutse m'mabowo. Anayang'ana nthawi yaitali.

Apa ndi pamene amuna anga anayandikira, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo. Ndikakumbukira nkhope yawo ija mtima umandipweteka mpaka lero, chifukwa munalibe chinyengo m'menemo. Anali wonyada.

"Mwaona eti, bwana?" anatero. "Kabowo kanuko kanali kothina. Ndiye ndinati m'malo movutika ndi mapini onsewa, bwanji ndingokonza bowo limodzi. Ndinakapalako pang'ono ndi tupa lozungulira. Taonani mmene kasalalira, simungadziwe n'komwe. Bweretsani inayo ndikukonzereninso, sindikulipiritsani."

Wina pagulu paja anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'khosi. Katerina anagwira nsanamira.

Sajeni Kaliati sanakalipe, bola akanakalipa. Anayankhula ngati akuyankhula ndi bambo ake omubala. "Bambo, dzanja lanu ndi labwino, ine sindinaone kuti papita tupa mpaka nditasanjikiza. Koma bowoli si langa ayi. Mapolo a matenti amenewa anabooledwa kutali, ndi anthu oti inu ndi ine sitidzawaona, ndipo onse anatsata bowo lomweli. Pini yanu ikhoza kukathera kwa msilikali ali kunja kwa dziko lino, mvula ikugwa, odwala akudikira kuti tenti iime. Iyeyo tupa alibe."

"Nanga si angoimenya ndi nyundo?" anafunsa a Bizeki, koma mawu awo anali atachepa.

"Akaimenya polo ing'ambika, tenti yonse yatha ntchito."

Katerina anapempha. Anati awapatse mpata, apala mapini onse ndi manja ngakhale zala zituluke magazi. Sajeni anapukusa mutu. Anati akanakhala kuti alakwika ndi mapini okha, mpata ukanapezeka, chifukwa zimachitika. Koma choyezera chikakhudzidwa, lamulo limati wopangayo achotsedwe pa mayeso, ndipo iye sangalembe zimene sanaone. Mayeso ena adzakhalako, koma sakudziwa chaka chake. Anaika mageji onse awiri m'kabokosi kake, pamodzi ndi pini yachitsanzo ija, anatitsanzika n'kukwera galimoto.

Anthu atabalalika ine ndinawatsegulira pakamwa a Bizeki. Ndinawauza kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ndinawafunsa ngati foni inali itathyoka kuti alephere kumufunsa mwana. Ndinati zaka zonsezi akhala akupala zinthu kuti ziwamvere, lero apala mwana wawo yemwe. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kunenera mwamuna pamsewu. Iwo anangokhala pa chitsa chawo, tupa lili m'manja.

Katerina sanawanene bambo ake. Ndi chimene chinandiwawa koposa. Anangolowa m'nyumba, ndipo ndinamva chikwama chija chikukokedwa kunsi kwa bedi.

Anadikira kuti tikolole kaye mpunga, kenako ananyamuka. M'mawa wa tsikulo anapita ku shedi atavala kale za paulendo, anagwada pambali pa bambo ake.

"Ababa, ndikupita. Musadziimbe mlandu kwambiri. Munachita mmene mumachitira masiku onse."

"Ndinkafuna udzapeze zatha, mwana wanga," anatero iwo, maso ali pansi.

"Ndikudziwa, ababa."

Ndinamuperekeza ndekha pa siteji. Minibasi yake inabwera msanga, ngati kuti inatumidwa. Kondakitala anaponya chikwama kumbuyo, mwana wanga anakhala pawindo, ndipo ndinaima pamenepo mpaka galimotoyo itasanduka kadontho mumsewu. Madzi akatayika saoleka, amatero, koma amene amanena zimenezi sakuuza kuti m'nyumba mudzakhala zii chonchi.

Pano amatiimbira Lamulungu lililonse ngati alongo ake. Akuti ntchito ili bwino, akuti abwana ake amamukonda chifukwa amayeza kawiri asanadule. Za kubwerera satchula, ine sindifunsa.

Bokosi la mapini lija lidakali m'shedi. Anthu a ngolo anafuna kugula ena, a Bizeki anakana. Ntchito ikachepa amatenga pini imodzi, kuimanga pa vayisi yopanira zitsulo, n'kuyamba kuipala pang'onopang'ono. Tsiku lina mkwiyo wanga utaphwa ndinawapititsira tiyi, n'kuima kuwayang'ana.

"Bambo a Katerina, mukupaliranji zimenezi?"

"Mayeso aja akadzabweranso, mwana adzapeze zili bwino. Mwina akadzamva adzabwera."

"Nanga mudziwa bwanji kuti yakwana?"

Anamasula pini ija, anaipukuta ndi chala, n'kutembenukira ku nsanamira monga anazolowera. Dzanja lawo linakwera lokha, n'kukaima m'malere. Pa nsanamira panali msomali wokha.